Kabokosi Kamene Achimwene Anasokoneza

Hamedan,
8 Mehr (30 Seputembala)

Wokondedwa mlongo wanga Behrouz,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi mlamu wanga Mahvash ndi ana. Mwendo wa Mahvash uja uli bwanji, wayamba kuponda? Kuno ine ndilipo. Mawondo ndi omwe aja. M'mawa kwayamba kuzizira, moti mabulangete ndatulutsa kale.

Unaimba katatu Lachinayi lija lobweza mawotchi, ndipo sindinayankhe. Foni ndinkaimva. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidula mawu, komanso chifukwa unandipempha kuti tsiku lina ndidzakuuze m'mene zonse zinayendera, popeza pamaliro a achimwene athu a Mansour sunathe kufika. Ndikuuza zonse, ngakhale zimene ndinabisa.

Uthenga unandipeza ndili pabwalo, ndikuwiritsa tomato wosunga wa chaka chonse mumphika waukulu wa amayi uja. Anaimba ndi a Nosrat, amene ankagwira ntchito ndi achimwene kugalaja ya mabasi. Anayamba kufunsa za umoyo wanga, kenako za umoyo wako, kenako ngati tomato wa chaka chino ndi wabwino. Atatha zonsezo ndi pamene anati achimwene sakupeza bwino pang'ono, ndipite kunyumba kwawo. Ndinawafunsa ngati ndivale zakuda. Anati, "Valani, mayi."

Ndinazimitsa moto, ndinavundikira mphika, ndinatsekera mphaka panja. Ndikukumbukira kuti ndinasamba m'manja kawiri chifukwa tomato anali atalowa m'zikhadabo.

Achimwene anali atangomwa tiyi wa m'ma leveni. Anaimirira kuti akatenge sipanala, n'kugwa. Madokotala anati ndi mtima. A Nosrat akuti sanalankhule kanthu, ndipo ndikuwakhulupirira, chifukwa achimwene akanalankhula galaja yonse ikanamva.

Nditafika kunyumba ya bambo kuja ndinapeza alamu athu a Farideh, akazi a achimwene, atatengedwa kale kupita kuchipatala ndi anthu oyandikana nawo. Mayi wa nyumba yoyang'anizana nayo anandipatsa kiyi, nati wina ayenera kutsala kuti atsegulire anthu. Ndinatsala ine. Ndinayatsa samova yathu yowiritsira madzi a tiyi, ndinakankhira tebulo kukhoma, ndinayala makapeti onse mpaka a m'chipinda cha alendo. Ntchito inatha, anthu asanabwere. M'nyumba munkangomveka mawotchi asanu ndi anayi a bambo aja.

Kenako ndinatsegula kabati yagalasi kuti nditulutse matambula a tiyi. Kabokosi kathu kamitundu isanu ndi umodzi kanali pamalo pake, kuseri kwa mbale ya shuga.

Ndikukumbutse malamulo a mpikisano wathu, chifukwa iwe umakumbukira okhawo amene amakukomera. Kawiri pachaka, m'mawa umene boma lasintha nthawi, pa Noruz, chaka chathu chatsopano, popititsa mawotchi kutsogolo ndiponso masukulu akamatsegula powabweza, tinkakhala pakapeti ya m'chipinda chachikulu. Aliyense ankapotokola kabokosiko mpaka mbali iliyonse ikhale ndi mtundu umodzi, a Farideh atagwira wotchi yapamkono. Wochedwa kuposa onse ankakwera pampando n'kusintha mawotchi onse a m'nyumba. Akatsika, ankapatsidwa chomutonthoza: ankasokoneza kabokosiko m'mene angathere, n'kukaika m'kabati. Palibe ankaloledwa kukagwira kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pampikisano wotsatira woyamba kukalimbana nako anali amene anapambana.

Zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo achimwene anapambana kamodzi. Chinali chaka chimene iwe unali ku usilikali, ine chala chili m'bandeji. Ankachitchula chaka chimenecho ngati kuti anabwera ndi chikho kuchokera kunja.

Ankati zala zawo n'za mainjini, osati za tizidole ta ana asukulu. Ine ankanditcha mayi mabuku, iwe ankakutcha kambava ka mbali yobiriwira, chifukwa cha tsiku lija unamatula timapepala ta mitundu pakabokosiko uli ndi zaka khumi ndi zisanu. A Farideh sanaphunzire n'komwe kukonza mbali imodzi, koma pa uweruzi anali ouma. Achimwene akafika mphindi khumi, iwo ankati, "Bambo inu, tiyi wazizira, buledi wauma, ine ndakalamba. Ingokwerani pampando." Ndipo ankakwera, akung'ung'udza kuti boma limatenga ola la munthu, n'kudzalibweza patatha miyezi isanu ndi umodzi litatha kale ntchito, popanda ngakhale zikomo.

Pa Noruz wathayu iwe unali pafoni ndi kabokosi kako ka ku Sweden, ukulumbira kuti sukubera. Ine ndinamaliza pa mphindi imodzi ndi masekondi makumi asanu. Achimwene anatha mphindi khumi ndi imodzi. Atasintha mawotchi analowa kukhitchini ndi kabokosiko n'kudzitsekera. Potuluka anandiloza nako, nati ndikadzakakonza pasanathe mphindi zitatu adzameta ndevu zawo za pamlomo zija, zimene ngakhale amayi analephera kuwametetsa.

Ndi kabokosi kameneko kamene ndinakapeza kuseri kwa mbale ya shuga tsiku lija.

Behrouz, ndinakatenga. Sindikumbukira kuganiza kalikonse. Manja anga analibe chochita, ndiye anachita chimene amadziwa. Ndinaima pomwepo, kabati ili yotsegula, n'kuyamba ndi mbali yoyera monga ndimachitira nthawi zonse. Pamene ndinkazindikira, mbali zonse zisanu ndi imodzi zinali zitakhala bwinobwino. Nthawi sindinawerenge, koma mphindi zitatu sizinakwane.

Kenako kugeti kunagogodedwa. Ndinakapotokola msangamsanga, mwina kakhumi ndi kasanu, osayang'ana, n'kukabwezera pamalo pake. Ndinatenga matambula n'kupita kukatsegula.

Za maliro unaona pazithunzi. Anthu a kugalaja anabwera onse, madalaivala anafika ndi basi yathunthu. Tinawaika pafupi ndi bambo. Kunali fumbi ndi dzuwa, ndipo mphwake wa a Nosrat anakomoka. Za kabokosi ndinaiwala kwa masiku asanu ndi limodzi.

Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinalowa m'chipinda chachikulu ndi mbale ya halva, chotsekemera chogawa pamaliro, n'kupeza a Farideh atakonza katebulo pakona. Panali chithunzi cha achimwene cha riboni wakuda, makandulo awiri, zipatso za kanjedza, ndi kabokosi kaja pakansalu koyera.

Ukudziwa kuti Mulungu sanawapatse mwana. Zovala za achimwene anazipereka kwa osowa monga mwa mwambo, zipangizo zawo zinatsala kugalaja. A Farideh ankauza mayi aliyense wobwera kudzapepesa kuti ichi chokha ndi chimene chatsala m'nyumbamo m'mene manja a amuna awo anachisiyira. Ankakanyamula ndi kansalu komwe, n'kumaonetsa anthu kuti taonani, zoyera zitatu izi anazisiya pamodzi dala kuti a Nahid aganize kuti n'zophweka, anali ndi nzeru zobisika munthu ameneyu. Amayiwo ankagwedeza mitu n'kumapukuta misozi. Ine ndinkagawa tiyi.

Msuweni wathu Vahid anafuna kukagwira. A Farideh anamumenya padzanja pamaso pa anthu, munthu wa imvi zake, n'kumuuza kuti akafuna choseweretsa akagule chake kumsika.

M'mawa uliwonse ankakapukuta fumbi, pang'onopang'ono kuti pasatembenuke kanthu. Tsiku lina anandiuza kuti, "Alamu, chaka chino mpikisano kulibe, ndipo sudzakhalakonso. Kameneka kakhala chomwechi mpaka ine ndidzapite." Ndinati chabwino.

Ndinawerengapo m'buku lina la masamu kuti njira zimene kabokosi kotere kangakhalire n'zochuluka moti nambala yake ili ndi manambala makumi awiri. Kale ndinkauza ana obwera kulaibulale zimenezi kuti adabwe. Masiku amenewo ndinkaziganizira mwa mtundu wina. Pa njira zonsezo, imodzi yokha inali ya achimwene, ndipo ndinaifafaniza ine, nditaimirira, osaiyang'ana n'komwe bwinobwino. Sindingathe kunena kuti chofiira chinali pati.

Ndinaganiza zongokhala chete. Sindikubisira, ndinkaona kuti ndi njira yachifundo. Palibe amene ankavulala. A Farideh ankadya pang'ono, ankagona, anali ndi chinthu choti achipukute m'mawa. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala pakati pa mabuku, ambiri a iwo onena za choonadi ndi bodza, koma palibe limene linandiuza chochita ndi bodza limene likuthandiza munthu kudzuka pabedi. Ndikanakhala chete mpaka lero.

Koma pa tsiku la makumi anayi, titabwerako kumanda, anthu atabalalika, a Farideh anandikokera kukhitchini. Anati apangitsa kabokosi kagalasi kwa wodula magalasi wa kumsika, koti kaja kazikhalamo. Anati akufuna kakhadi kolembedwa bwino koika kutsogolo, ndipo m'banja muno wa dzanja lokongola ndi ine. Mawu anali atawakonza kale: ntchito yomaliza ya manja a Mansour, ndi tsiku la Noruz. Anati ndibwere m'mawa wobweza mawotchi, tidzachitire limodzi m'malo mwa mpikisano.

Kumva bodza likunenedwa n'kukhala chete ndinakwanitsa. Kulilemba ndi inki, ndi dzanja langa, kuti likhale m'nyumba ya bambo mpaka kalekale, ndinaona kuti sindikwanitsa. Sindikunena kuti kusiyana kwake n'kwakukulu. Ndikungonena pamene ndinalekezera.

Lachinayi ndinapita ndi buledi wotentha. Pawotchi yanga inali eyiti, pamawotchi a m'nyumbamo inali naini. A Farideh anaseka, koyamba chichitikire maliro, nati mayi mabuku achedwa ndi ola lathunthu. Patebulo panali kabokosi kagalasi, kakhadi, ndi cholembera cha bambo chija atachithira kale inki.

Ndinakhala pansi, osavula n'komwe mpango, n'kuwauza. Ndinanena monga ndalembera pamwambapa: kabati, matambula, kugogoda kwa kugeti. Sizinatenge nthawi. Foni yako yoyamba inalira m'chikwama ndili pakati pofotokoza.

Sanalire. Anayang'ana kabokosiko nthawi yaitali, kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye masiku onsewa ndakhala ndikupukuta zala zanu?"

Ndinati inde.

Anafunsa za zoyera zitatu zija. Ndinati zinangochitika. Anagwedeza mutu, nati anauza anthu oposa makumi asanu za zoyera zimenezo, ndipo Vahid anamumenya chifukwa cha izo.

Kenako anati, "Anakufunsani ndani, alamu? Mukanalemba kakhadiko, tikanamwa tiyi, inu n'kupita kwanu. Mwapepukidwa tsopano? Mwatula, ndasenza ine." Foni inaliranso. Anati ndiyankhe, ndi mlongo wanga ameneyo, mwina nayenso ali ndi choti aulule.

Ndinayang'ana kukhoma n'kunena kuti mwina ndikwere pampando ndibweze mawotchi, popeza palibe wina woti achite. Ndinalakwitsa pamenepo. Anati, "Asiyeni. Amenewo ndiye anawagwiradi iwowo. Kapena nawonso munawagwira?"

Ndinati ayi, sindinawagwire.

Anapita kukhitchini, anabwera ndi nyuzipepala yakale, anakulunga kabokosiko monga amakulungira masamba kumsika, n'kundiikira pamiyendo. Anati ndi kanga, ndikatenge. Buledi sitinamudye. Foni yako yachitatu inalira ndili pageti ndikuvala nsapato.

Loweruka ndinapitanso ndi mphesa. Anatsegula, anandifunsa za mawondo, analandira mphesazo n'kuthokoza bwinobwino. Anandiuza kuti ndilowe, koma ananena kamodzi kokha. Nditati ayi ndisakuvutitseni, sanabwereze. Ukudziwa tanthauzo lake: kuno woitana ndi mtima wonse amabwereza kangapo. M'nyumba imene ndinabadwira ndinaima pakhomo ngati wowerenga mita ya madzi. Kudzera pachitseko ndinaona katebulo kaja. Pali chithunzi ndi makandulo, kansalu koyera kali pomwepo, pamwamba pake palibe kanthu.

Sindikulemba kuti undiuze kuti ndinachita bwino. Masiku ena ndimaona kuti ndinachita bwino, masiku ena ndimaona kuti ndinalanda mayi wamasiye chinthu chake kawiri, koyamba osadziwa, kachiwiri ndikudziwa. Ndikulemba chifukwa ndili ndi pempho.

Pali chimene a Farideh sadziwa, chifukwa woweruza wathu akanati n'kubera. Chichokere iwe, achimwene akadzitsekera kukhitchini ankatsegula foni n'kumajambula mawu awo akusokoneza kabokosiko, kutchula kupotokola kulikonse, n'kukutumizira, kuti iwe udzasokoneze kako chimodzimodzi, iwe ndi ine tidzayambire pofanana. Anandiuza okha chaka chatha, atandilumbiritsa. Anati umalonjeza kuti sumvera uthengawo mpaka tsiku la mpikisano, ndipo iwo sakukhulupirira ngakhale pang'ono.

Ngati unasunga lonjezo ulendo uno, ndiye kuti unaumvera Lachinayi lija m'mawa, uli wekha ndi kabokosi kako m'manja. Ndaganiza kuti mwina n'chifukwa chake unaimba katatu. Ngati ndi choncho, undikhululukire kuti sindinayankhe.

Ndiululenso ichi. M'masiku makumi anayi aja ndinalemba kawiri uthenga wokupempha kuti unditumizire mawuwo mwachinsinsi, kuti ndikabwezere kabokosiko m'mene kanalili a Farideh ali kumsika. Kawiri konse ndinafufuta. Mitundu ikanabwerera m'malo mwake, koma manja akanakhala angabe, ndipo ndikanakhala nditawanamiza kachiwiri.

Pempho langa ndi ili. Ngati uthengawo ukadali nawo, utumize kwa a Farideh, osati kwa ine. Uwauze chimene uli, basi. Usandipepesere, usanditchule n'komwe. Akafuna kutsatira mawu a amuna awo ndi manja awoawo, kabokosi ndidzakatumiza ndi Vahid. Mwina sadzakafuna. Mwina adzangofuna kumva munthu akutukwana kachidole kukhitchini kwawo, akusokoneza lamanja ndi lamanzere monga ankachitira. Zimenezo adzasankha okha.

Ngati unasintha foni, kapena unafufuta, undiuze mosazungulira. Usayese kulemba mndandanda wa m'mutu mwako n'kunena kuti ndi wa achimwene. Ndikukudziwa, umakonda kukonza zinthu mwachidule, ndipo ungachite zimenezo chifukwa cha chikondi. Usatero.

Undiperekere moni kwa Mahvash, umuuze asathamangire kusiya ndodo. Upsompsone ana. Wamkuluyo umuuze kuti buku la nyenyezi limene anapempha ndalipeza, ndidzapatsira munthu wobwera kumeneko. A Nosrat amakufunsa nthawi zonse. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni nyengo yozizira yopanda matenda, ndipo awalitse manda a achimwene.

Tomato uja anawonongeka, ndinataya. Mawotchi a kunyumba ya bambo akadali patsogolo ndi ola limodzi. Kabokosi ndakakonza mbali zonse monga kanalili achimwene asanakasokoneze, kali patebulo panga, ndipo sindikagwiranso mpaka nditamva kwa iwe.

Ndine mlongo wako,
Nahid